Chitini cha Kalindavula

Chilenje, Lusaka
6 Epulo 2025

Amama,

Monire mose kukaya. Ine kuno ndili bwino, kaya inu ndi mwendo wanu uja? Mundiperekere moni kwa asibweni a Haswell, ndiponso kwa a Keziya. Ndalemba kalata chifukwa munandiuza kuti nkhani zolemera simuzikamba pa foni ya alamu anu, imene munthu akamalankhula mudzi wonse umamva.

Ntchito ija ndinaipeza. Bungwe lake ndi Mizu Yathu, ndipo mkulu wake ndi Mayi Carol, mzungu wa ku Canada amene wakhalitsa m'Zambia muno. Amama, awa si monga mabungwe munawazolowera aja. Iwo amanena poyera kuti mabungwe ambiri amafika m'midzi ngati atsamunda, kuuza anthu chobzala, kujambula zithunzi, n'kupita. Awa akufuna kuchotsa utsamunda umenewo pa ntchito yawo. Muofesi muno sitinena kuti uyu ndi wopereka thandizo, uyo ndi wolandira. Timati ubale. Eni mudzi ndiwo atsogolere, ife titsate pambuyo, ndipo pamene sitinaitanidwe sitilowa.

Tsiku lina pamsonkhano ndinakamba za gulu lanu la amayi la Chihengo, ndi za kalindavula, mtedza wathu wofiira uja umene unabereka chaka chatha pamene chilala chinapsereza mbewu za m'mapaketi. Mayi Carol anasiya zonse n'kuyamba kundifunsa mafunso. Tsopano akufuna kupalana ubale ndi gulu lanu. Akuti adzakuthandizani kumanga nkhokwe yolimba, ndipo inu mudzawapatse chitini chimodzi cha kalindavula kuti chikasungidwe kuno m'nyumba yozizira, m'dzina la gulu, kuti moto kapena chilala chikadzagwa mbewu isadzatheretu.

Ine ndinawatsimikizira kuti kwathu sangakane, pakuti mtsogoleri wa gulu ndi a Keziya, mzamba amene anandilandira tsiku langa lobadwa, ndipo wachiwiri wawo ndi mayi anga enieni. Dzina langa lili pa nkhaniyi, Amama. Musandichititse manyazi ndikadali watsopano.

Ndine mwana wanu,
Abigail


Mwase Lundazi
25 Epulo 2025

Abigail mwana wanga,

Tili makola, kaya iwe. Mwendo ulipo, ukundiperekeza kumunda monyinyirika. Tikukumba mtedza, ndiye ukhululuke dothi lili papepalali.

Kalata yako ndinawerengera amayi a gulu pansi pa mango wa kutchalitchi. Nditafika pa mawu oti ubale, a Faides anaseka mpaka kutsamwa. Ukuwakumbukira aja anatibweretsera nkhuku zoyera? Nawonso ankatitcha amayi awo. Nkhuku zinatha ndi chitopa, eni ake sanabwererenso, koma chikwangwani chawo chilipobe panjira ndipo mbuzi zimadzikanda pamenepo.

Utsamunda ukuti mukuuchotsawo mukuuchotsa ndi chiyani, ndi tsache? Nanga ngati otsogolera ndife, bwanji chitini ndicho chikupita ku Lusaka? Mantha anga ndikuuza poyera. Kalindavula adzapita m'chitini, adzabwerera m'paketi yokhala ndi chithunzi ndi mtengo wake, ife n'kumagula mbewu ya agogo athu pamsika wa Lundazi.

Mbewu imeneyi sitigulitsa, iwe ukudziwa. Mwana wamkazi akakwatiwa kutali, mayi ake amamuthirira ya m'manja. Mnzako nkhokwe ikamupsera umamupatsa, iye akakolola amabweza. Imayenda pakati pa anthu amene amalirana maliro. Ndiye usamalonjeze za m'nkhokwe ya eni uli khale pampando ku Lusaka.

Komabe a Keziya, ngakhale chifuwa chawagwira moti kumunda sakufika, anatitseka pakamwa tonse. Anati, "Alekeni abwele. Munthu sitimuweluzila mu kalata ya mwana, tizamuona pa mphasa." Mawu a a Keziya ndani angawalumphe? Abwere tikamaliza kukolola. Ine ndawavomera ndi pakamwa pokha, mtima wanga ukadali kumbuyo.

Pobwera unditengere magalasi owerengera, awa atha mphamvu, ndi mafuta aja opaka mwendo.

Mayi ako,
Eneless


Chilenje, Lusaka
3 Juni 2025

Amama,

Monire. Yewo chifukwa cha kalata yanu, ngakhale inandiluma. Ndinauza Mayi Carol zonse, za nkhuku ndi za paketi zomwe, osabisa. Sanakwiye. Anati kukayikira kwanu n'koyenera, ndipo pangano lidzanena kuti mbewu ndi ya gulu, palibe angaigulitse kapena kuisintha dzina. Anatinso makamera atsale kuofesi. Agula chitenje, ndipo m'mawa uliwonse amandipatsa moni wa Chitumbuka umene ungakuseketseni.

Tinyamuka Lolemba pa 16 Juni, tikagona pa boma, Lachiwiri m'mawa tili kumudzi. Tibwera atatu, ine, Mayi Carol ndi Jason amene amayang'anira nyumba yozizira ija. Magalasi ndi mafuta ndagula. A Keziya ali bwanji tsopano? Muwauze kuti mwana wawo sawabweretsera nkhuku zoyera.

Abigail


Chilenje, Lusaka
19 Juni 2025

Amama,

Sindikudziwa poyambira. Uthenga wa imfa ya a Keziya unandipeza pa foni Lolemba madzulo, ndipo mpaka lero mtima sukukhazikika. Pepani, Amama, ndikudziwa kuti mwataya mnzanu wa pamtima. Mundipepesere kwa ana awo ndi kwa amayi onse a gulu.

Ulendo wathu tauimitsa chifukwa cha zovutazi. Njira ya Lusaka ndi yaitali, ndipo maliro a masiku ano sachedwa, ndiye sindinathe kufika. Magalasi ndi mafuta ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Mundiuze mmene zinayendera.

Abigail


Mwase Lundazi
28 Juni 2025

Muphwa wane Abigail,

Moni wa m'dzina la Ambuye. Ndine msibweni wako Haswell. Mayi ako akana kugwira cholembera, ndiye ndalemba ine, ndipo sindizungulira.

Wati njira ya Lusaka ndi yaitali. Ndi yaitalidi. Koma Lachiwiri m'mawa, tsiku loika maliro, ine ndinapalasa njinga kupita pa boma kukagula misomali ndi nsalu yoyera ya m'bokosi. Pafupi ndi msika panaima galimoto yoyera, pachitseko pake atajambulapo mtengo wa mizu yaitali. Mzungu wachitenje anali mkati. Ndipo amene ankagula nthochi pambali pake, atavala magalasi akuda, anali mwana wa mlongo wanga. Ndinaima kuseri kwa matumba a makala ndi misomali yanga m'manja, ndikuganiza kuti mukugula chopepesera maliro. Kenako galimoto inakhota kuloza ku Chipata.

Ine ndinatseka pakamwa. Koma amuna a a Faides nawonso anali pa boma, ndipo iwo pakamwa pawo palibe chitseko. Pomwe timakwirira manda, mudzi wonse unali utadziwa kuti abale atsopano aja anagona pafupi n'kuthawa. Mbuzi imene mayi ako anakonzera alendo ako inadyedwa ndi olira maliro, iwo akugawa nyama chowerama.

Tsopano imva zimene zikukambidwa. Ena akuti munamva kuti a Keziya afooka ndiye munathamangira kudzatenga mbewu asanatsirizike, ndipo imfa inakuphonyetsani. Ena akunena zoipa kuposa apa, akuti wothawa maliro amadziwa chimene chadya munthu. Ine monga mkulu wa mpingo zimenezo sindizivomera, koma sindingatseke makutu a mudzi. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo ife tinayamba kukondwa.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Amayi a gulu anachotsa kalindavula yense m'nkhokwe ya a Keziya n'kumugawa m'nyumba zosiyanasiyana kuti asungidwe. Mayi ako, amene anayamba gululi pamodzi ndi malemuwo, sanawapatse ngakhale mbale imodzi. Utsogoleri apatsa a Faides. Palibe anawanyoza, anangowadumpha, ndipo iwo anabwera kunyumba n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka.

Ndiuze zoona. Anthu akowa akufuna chiyani kwenikweni, ndipo iwe uli mbali iti? Mapanga awiri avumbwitsa.

Msibweni wako,
Haswell Lungu


Chilenje, Lusaka
7 Julayi 2025

Asibweni,

Monire. Munaona zoona, ndinali ineyo. Kalatayi muwawerengerenso Amama ngati angalole kumva.

Uthenga unatipeza titangofika pa boma. Nditauza Mayi Carol, iwo anandifunsa funso limodzi. Anati, kodi kumaliroko taitanidwa? Ine ndinati ayi. Ndiye anati maliro ndi malo opatulika a banja ndi mudzi, ndipo mzungu kufika ndi galimoto ya bungwe pamalo otero osaitanidwa ndiwo utsamunda weniweni umene tikulimbana nawo. Anati tibwerere, tipatse anthu mpata wolira. Ankaganiza kuti akukupatsani ulemu waukulu, Asibweni. Za kuthamangira mbewu sizoona.

Wolakwa ndine. Nditati ayi ndinayenera kuwonjezera kuti kwathu maliro saitana, wakumva amangonyamuka. Sindinatero. Lamulo loti pamene sitinaitanidwe sitilowa linapachikidwa pakhoma la ofesi yathu, ndipo ine wa miyezi itatu pantchito ndinaopa kuuza bwana kuti lamulo lakelo kwathu ndi chipongwe. Iwo anandiuza kuti ndingathe kutsala n'kupita ndekha. Ndinaganiza za kulowa pamaliro wekha, amayi onse akundiyang'ana n'kumafunsa kuti alendo ako ali kuti, ndipo miyendo inandikwezera m'galimoto. Ndinalira kuchokera ku Lundazi mpaka ku Chipata, koma kulira kwa m'galimoto sikufika pamanda.

Dzulo ndinawauza Mayi Carol zonse, ndi zimene zagwera Amama. Nkhope yawo inafiira. Anandifunsa chifukwa chimene sindinawauzire tsiku lomwelo. Akupempha ngati mungatilole kubwera kudzapepesa maliro.

Muphwa winu,
Abigail


Mwase Lundazi
20 Julayi 2025

Abigail,

Tilipo. Magalasi ndikuonera, yewo.

Msibweni wako wandiwerengera. Mwayambanso kupempha chilolezo? Kupepesa maliro nakonso sapempha. Njira mukuidziwa, munaiona pamene munakhotera.

Chinthu chimodzi ndikuuziretu kuti usadzati sunadziwe. Tsiku lopepesa ndi la malemu. Pa tsikulo pasadzamveke za nkhokwe, za pangano kapena za chitini. Amayi adzakhala akumvetsera, ndipo inenso.

Mayi ako


Chilenje, Lusaka
18 Ogasiti 2025

Amama,

Monire mose. Tinafika bwino ku Lusaka. Mtima wanga wapepuka, ndipo ndikufuna kukuthokozani chifukwa chotilandira.

Munawaona Mayi Carol? Kukhala pamphasa miyendo itatambasuka tsiku lonse, munthu amene muofesi satha kukhala phee ngakhale pampando wofewa. Anamvetsera mmene matenda anayendera kuyambira pachiyambi, ine ndikumasulira, osayang'ana wotchi. Kumanda anagwada monga tinagwadira tonse. M'galimoto pobwerera anati miyendo yawo sakuimva, koma anafukata nkhuku imene anawapatsa a Faides ngati mwana. Ine nditaona nkhuku ija ndinadziwa kuti zatha, a Faides sapereka nkhuku kwa munthu amene akumusungira mkwiyo.

Tsono monga ndinakunong'onezani pagalimoto tikutsanzikana, nyumba yozizira ija imalandira mbewu zatsopano mpaka kutha kwa Sepitembala basi, ndipo amene amathandiza bungwe lathu kunja akuyembekeza kumva kuti ubale wa ku Lundazi wayamba. Ikadutsa nthawiyi, nkhaniyi aipereka kwa wina ndipo ine sindikudziwa ngati adzandisunga. Simunandiyankhe pagalimoto paja, koma ndinaona kuti munatopa. Chonde lankhulani ndi a Faides, mutumize chitinicho pa basi.

Ndili ndi pempho langanso. Kuseri kwa nyumba imene ndikukhala kuli kamalo kolima. Mundithirireko kalindavula wa m'manja mwanu, wanga ndekha, ndidzabzale mvula ikagwa kuti ndizikumbukira a Keziya.

Mwana wanu,
Abigail


Chilenje, Lusaka
29 Sepitembala 2025

Amama,

Monire. Mwezi wonse munali chete, foni ya alamu anu akuti inali kotchaja nthawi zonse ndikaimba, ndiye kondakitala wa basi ya ku Lundazi atandiuza kuti pali katundu wanga ndinathamanga ngati mwana.

Chitini ndinapita nacho kuofesi chosamasula, monga munachimangira ndi chiguduli ndi luzi. Ndinafuna kuti onse aone. Mayi Carol anaitana antchito onse. Jason anali atakonza kale botolo lolembedwa dzina la gulu la Chihengo, atavala ndi magolovesi oyera. Ine ndinadula luzi. Fungo ndilo linayamba kutuluka, Amama. Jason anatenga njere imodzi, anaifikisa pakati pa zala, khungu lake n'kuuluka. Mtedza wokazinga, wothira ndi mchere womwe.

Wina anayamba kuseka n'kudzigwira pakamwa. Ine ndinati mwina pachitika chisokonezo, mwina zitini zinasinthana. Mayi Carol anatenga njere, anatafuna pang'onopang'ono, ndipo anati, "Tamva." Kenako anauza Jason kuti abweze botolo lake pashelefu, onse adye. Sanandiitanebe kuofesi yawo, ndipo sindikudziwa ngati ndili pantchito mwezi wamawa.

Amama, kodi ndi a Faides achita zimenezi inu osadziwa? Kodi akukulanganibe chifukwa cha ine? Nanga nkhuku ija inali ya chiyani? Tinagwada kumanda, tinachita zonse zimene munanena. Ndiuzeni chimene chatsala.

Kaphukusi ka nsalu kamene munalembapo dzina langa ndinakapeza pambali. Ndinazindikira chitenje chanu chakale chamaluwa. Sindinakamasule, ndakaika pamwamba pa kabati kudikira mvula. Pa zonsezi ndi kokhako kakunditonthoza.

Abigail


Mwase Lundazi
10 Okutobala 2025

Abigail mwana wanga,

Tili makola. Kwatentha, mango ayamba kukhwima, ndipo tikusosa m'minda.

Zitini sizinasinthane, ndipo a Faides usawanamizire. Tinakhala pansi amayi tonse, inenso anandiitana. Tinasankha kalindavula wabwino koposa, njere ndi njere, wopanda ndi mmodzi yemwe wofumbwa. Tinakazinga pamoto wofatsa kuti asapserere. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye timamupatsa chokoma kuti akatinenere zabwino. Nkhuku ija inalinso ya mlendo. Chakudya timapatsa aliyense wofika pakhomo, koma mbewu ndinakuuza kale mmene imayendera.

Ukufunsa chimene chatsala. Kupepesa kunachotsa mlandu, sikunabereke ubale. Mlandu ungathe tsiku limodzi, koma munthu sakhala mbale wako chifukwa miyendo yake yachita dzanzi pamphasa kamodzi. A Carol akowo amayi anawakonda, ndikuuze. Akuti ngati afunadi, mvula ikagwa abwere. M'munda wa a Keziya muli mizere imene ana awo sangaithe, ndipo khasu tidzawabwereka. Adzabwerenso popalira ndi pokumba. Ndipo maliro ena akadzagwa, pakuti adzagwa, tidzaona ngati galimoto yawo ikudziwa kokhotera. Pamenepo nkhani ya chitini tidzaikamba, mwina chaka chamawa, mwina china. Ngati a kunja aja sangadikire, ndiye kuti otsogolera ndi iwo, ndipo muchotse pepala lanu lija pakhoma. Wati mayiyo atatafuna anati tamva. Ngati anamvadi, ntchito yako sakuchotsa chifukwa cha mtedza wamchere.

Tsopano za iwe ndi ine. Tsiku lija ndinati pasamveke za chitini. Mzungu uja sanatchule. Jason sanatchule, ngakhale ndinamuona maso akuthawira kunkhokwe. Amayi anamvetsera tsiku lonse, ndipo ine mtima unayamba kubwerera m'malo, ndinati mwana wanga wandichotsa manyazi. Kenako pagalimoto, fumbi la kumanda a Keziya likadali m'mawondo mwako, amene anandikoka dzanja n'kundinong'oneza za Sepitembala anali mwana amene ndinabereka ine. Sindinatope ayi monga ukuganizira. Ndinasowa mawu. Palibe wina anamva, ndipo sindinauze munthu, ngakhale msibweni wako. Koma ine ndinamva.

Ndimakukonda, ndipo ndikudziwa kuti mantha a ntchito ndiwo akukuyendetsa. Chibale ndi fupa, sichiola. Koma kalindavula sakwera basi. Mayi anga anandithirira m'manja tili m'munda, ndipo iwenso ukamufuna udzabwere ndi khasu, tidzayambe kumanda a amene anakulandira, udzalire pamene anthu akukumva, kenako udzatambasule manja ako pamaso panga.

Kaphukusi kako kachotse pakabatipo, usadikire nako mvula. Masula udye kasanaume mafuta. Mtedza umenewo ndinakazinga ndekha.

Ndine mayi ako,
Eneless